Makhodi awiri, matenda awiri: nkhani ya boyila ya gasi ya ku Kamwendo

Foni yoyamba inalira mu Meyi, anthu akukumba mtedza. Nyumbayo ili pa famu ina kufupi ndi Kamwendo, ukapatuka pang'ono mu msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji Boma. Mwini nyumba ndi agogo aakazi amene nyamakazi inawagwira maondo ndi zala. Mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito ku Leeds, ku UK, ndipo ataona mmene chisanu cha Juni chimawasautsira mayi ake, anagula boyila yogwirapo kale ntchito, nkuitumiza mu kontena pamodzi ndi ma radiator anayi, zitsulo zimene madzi otentha amadutsamo nkufunditsa chipinda. Amene anaiika ndi mmisiri wina, ndipo ine ndinaipeza itatha kale chaka pakhoma.

Ntchito yanga ndi ya mapaipi ndi gasi. Zambiri zimene ndimagwira ndi magiza a gasi a m'nyumba zogona alendo, masitovu ndi mapaipi a m'makhitchini. Boyila ya mtundu uwu, imene amati combi, kuno ndi yosowa. Imatenthetsa madzi osamba nthawi yomweyo munthu akatsegula mpope, komanso imazunguliza madzi ena otsekeredwa m'mapaipi kuti atenthetse zipinda. Dzina la kampani yake sinditchula, chifukwa makinawo sanalakwe kanthu kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Olakwa tinali ife amene timawagwira, ine ndemwe ndili m'gululo.

Kachitsulo ka pansi pa boyila kanalemba 28 kW pa madzi osamba, magetsi a 230 V pa 50 Hz, ndi gasi wa G20 pa 20 mbar. G20 ndi gasi wa m'mapaipi a mumsewu amene amagwiritsa ntchito ku UK, amene kuno kulibe. Pambali pake panali sitika yosonyeza kuti inasinthidwa kuti iziyaka ndi G31, ndiye kuti propane, pa 37 mbar. Sitikayo ndinaiwerenga tsiku loyamba lomwelo, koma sindinaiganizire mokwanira.

Ulendo woyamba: F.22

Khodi imene inandiitanitsa, kutanthauza nambala imene makinawa amaonetsa akapeza vuto, inali F.22. Pa makina amenewa ikutanthauza kuti madzi a m'kati achepa presha. Geji imayenera kukhala pakati pa 1.0 ndi 1.5 bar makina ali ozizira, koma ndinaipeza pa 0.3. Mnyamata wa pakhomopo anali akuwonjezera madzi pafupifupi masiku awiri alionse, ndipo anadandaula kuti nthawi zina atsegula kavalavu kodzazira koma singano osakwera. Chifukwa chake n'chapafupi. Thanki ya nyumbayo ili pa nsanja ya mamita 6, ndipo madzi amapereka bar imodzi pa mamita 10 alionse. Thankiyo payokha singapose 0.6 bar, choncho kudzaza boyila kumatheka pokhapokha pampu yokankha madzi ikuyenda.

Funso lenileni linali lakuti madziwo akupita kuti. Pansi pa ma radiator panali pouma. Nditatuluka kuseri kwa nyumba ndinapeza kapaipi kotayira kakudontha, ndipo khoma linali ndi mzere woyera wa madzi ouma. Nditayatsa makina, singano inakwera msanga kufika pa 3 bar, pamene valavu yotetezera imatseguka nkutaya madzi. Expansion vessel, kathanki kokhala ndi mphira m'kati kamene kamalandira madzi akafufuma ndi kutentha, kanali kataphwa. Ndinachotsa presha yonse ya madzi, nkukapopa ndi pampu ya njinga kufika pa 0.75 bar monga buku lake linanenera. Valavu yake ndi yofanana ndi ya tayala la galimoto. Pa valavupo sipanatuluke madzi, kusonyeza kuti mphira wa m'kati sunabooke. Valavu yotetezera ndinaisintha, popeza ikatseguka kambirimbiri zinyalala zimakhala pamlomo pake ndipo sitsekanso bwino. F.22 inathera pomwepo ndipo sinabwerenso.

Kuphweka kwa ulendo umenewu ndi kumene kunandipusitsa. Khodi inanena za madzi, ine ndinapeza vuto la madzi, ndipo ndinachoka ndi maganizo akuti makinawa amaloza chala pamalo penipeni.

Ulendo wachiwiri, ndi pamene ndinaphonya

Sabata yachiwiri ya Juni anaimbanso. Tsopano pankatuluka F.28, nthawi zina F.29. F.28 ikutanthauza kuti makina ayesa kuyatsa kangapo koma bodi, mbali ya magetsi yolamulira makina onse, sinaone lawi, ndiye yadzitseka. F.29 ikutanthauza kuti lawi linalipo koma lazima pakati pa ntchito ndipo lakana kuyakanso.

Kwa anzanga amene simunagwirepo makina otere, ndondomeko yake ili motere. Munthu akatsegula mpope wa madzi otentha, sensa imauza bodi kuti madzi akuyenda. Bodi imayendetsa fani, kenaka imaponya sipaki nkutsegula valavu ya gasi. Lawi likagwira, electrode, kachitsulo kamene kali m'motomo, imabweza uthenga ku bodi kuti moto ulipo. Uthengawo ukapanda kufika m'masekondi ochepa, bodi imatseka gasi kuti asadzadze m'kati. Ndiye F.28 sinena kuti chakuti chafa. Imangonena kuti bodi inadikira uthenga wa lawi ndipo sunabwere. Gasi akhoza kukhala kuti sanafike, sipaki ikhoza kukhala yofooka, chumuni ikhoza kutsekeka, kapena lawi likhoza kukhalapo ndithu koma uthenga wake nkusochera panjira. Makampani ena vuto lomweli amalipatsa dzina lawolawo: Worcester Bosch amalemba EA, Ideal amalemba L2, Baxi amalemba E133. Khodi ya kampani ina musamaiwerengere m'buku la kampani inzake.

Ndisanafike n'komwe, mwana wa ku Leeds uja anali atanditumizira mauthenga pa WhatsApp. Anafufuza pa intaneti ndipo anapeza kuti F.28 nthawi yozizira imabwera chifukwa paipi ya condensate yaundana. Kwawoko n'zoona, paipi yotaya madzi a asidi ochoka mu utsi imaundana ndi chisanu, madzi nkubwerera m'makina. Ndinamuyankha kuti, “Achimwene, ku Mchinji kumazizira ndithu, koma madzi oyenda m'paipi saundana. Kuno paipi imeneyo amatseka ndi mavu.” Ndinaiyang'anabe, ndipo inali yoyera.

Ndinafika cha m'ma 11 koloko m'mawa, dzuwa litakwera. Ndinadina batani lobwezeretsa ndipo boyila inayaka ngati palibe chinachitika. Ndinayeza presha ya gasi pa kabowo koyezera ka pa valavu, makina ali chete, nkupeza 29 mbar. Ndinaona kuti sikukwana 37, koma popeza moto unkayaka ndinati zilibe kanthu. Nditatsegula chipinda cha moto ndinapeza electrode yachita dzimbiri kumapeto, ndipo dongo lake loyera linali ndi kamng'alu. Mtima unakhala pansi. Ndinali ndi ina m'bokosi imene ndinaisunga kuchokera pa ntchito ina, ndinaiika pamodzi ndi gasiketi watsopano, makina anayaka, ndinalandira ndalama nkubwerera.

Zolakwa zanga tsiku limenelo zinali zitatu, ndipo ndikuziona bwino tsopano. Presha ndinaiyeza makina ali chete osati akukoka gasi ndi mphamvu zonse. Silinda ndinangoiyang'ana patali, poti inali m'kachipinda kokhoma ndipo makiyi anali ndi munthu amene anapita kumunda. Ndipo sindinafunse aliyense kuti vutoli limabwera nthawi yanji. Ndinapeza chinthu chooneka chodwala nkuganiza kuti ndicho chadwalitsa nyumba yonse. Patangotha masiku anayi, foni inaliranso.

Kugona komweko

Ulendo wachitatu ndinauyamba mosiyana. Pafoni pomwepo ndinapempha mayi amene amagwira ntchito za m'nyumbamo kuti atenge kope, ndipo nthawi iliyonse makina akakana azilemba tsiku, nthawi, ndi nambala imene yatuluka asanadine batani. Makinawa amasunga makhodi khumi omaliza, koma sanena kuti inabwera nthawi yanji. Patatha sabata kope lija linaonetsa chinthu chimene bodi sikanandiuza: F.29 inkabwera m'mamawa, pakati pa 5 ndi 6 koloko, ndipo F.28 inkabwera madzulo, koma osati madzulo alionse.

Ndinapempha malo ogona. Agogo anaseka nkunena kuti, “Mwanangu, ndiye kuti makinawa akufuna mlonda wawowawo?” Ndinati, “Ayi agogo, ndikufuna ndiwapeze akudwala. Masana akumandinamiza.” Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito ya vuto lobwera nkumapita palibe njira ina.

Madzulowo ndinatsegulitsa kachipinda ka silinda. Munali silinda imodzi ya 19 kg, imene poinyamula ndinaona kuti yatsala ndi gasi wosakwana theka. Pamutu pake panali regyuleta ya sitovu wamba, yochepetsa presha ya gasi akamatuluka m'silinda, yolembedwa 2.8 kPa ndi 1 kg pa ola. 2.8 kPa ndi 28 mbar. Kuchoka pamenepo panali paipi ya mphira ya 8 mm yotalika ngati mamita atatu, yolumikizidwa ku paipi ya kopa ya 15 mm, ndipo paipi yomweyo inali ndi nthambi yopita ku sitovu ya kukhitchini.

Masamu ake ndi achidule. Kilogalamu imodzi ya propane imapereka pafupifupi 12.8 kWh. Boyila ya 28 kW ikamatenthetsa madzi osamba ndi mphamvu zonse imafuna makilogalamu awiri ndi kanthu pa ola. Regyuleta ija inapangidwira kilogalamu imodzi. Chodabwitsa sichinali chakuti makina akuzima, koma kuti anakhala bwanji chaka chonse akuyaka. Yankho lake ndi lakuti nyengo yotentha madzi a m'thanki amabwera ofunda kale, boyila sikoka kwambiri, ndipo ma radiator sayatsidwa.

Ndinadzuka 4:30. Temometa yanga panja inaonetsa 8°C. Ndinalumikiza manomita, geji yoyezera presha, pa valavu ya gasi nkuuza a m'nyumba kuti achite zonse monga amachitira masiku onse. Ma radiator anayatsidwa, ketulo inakhala pa sitovu, kenaka mpope wa kubafa unatsegulidwa. Presha inayamba pa 28, nkutsika kufika 22 boyila itangokweza moto. Patapita mphindi zochepa inali pa 18, kenaka 14, phokoso la moto linasintha ngati munthu wobanika, ndipo F.29 inatuluka. Nditathamangira ku kachipinda kaja ndinapeza silinda yachita thukuta, ndipo m'munsi mwake, kulekeza pamene pali gasi wamadzi, munali moyera ndi chisanu chogwirika ndi chala.

Apa ndi pofunika kumvetsa bwino, chifukwa ambiri timaganiza kuti silinda ikakhala ndi gasi ndiye kuti ipereka gasi. M'silinda muli madzi, ndipo kuti asanduke mpweya amayenera kuwira. Kutentha kowiritsira amakutenga ku chitsulo cha silinda ndi mpweya wozungulira. Ukakoka gasi wambiri nthawi imodzi, madziwo amadziziziritsa okha, ndipo kuwira kumachepa. Silinda ikatsala pang'ono, chitsulo chokhudzana ndi madziwo chimachepanso, ndiye kutentha kolowa kumachepa. Kuwonjezera apo, gasi amene timagula m'masilinda kuno ndi wosakaniza propane ndi butane. Propane amawira pa -42°C, pamene butane amawira cha pa 0°C. Woyamba kutuluka ndi propane, ndipo kumapeto kwa silinda kumatsala butane wambiri, amene m'mawa wa Juni amachita ulesi. N'chifukwa chake masana boyila inkandiyakira bwinobwino.

Ndili chiimire pomwepo, mnyamata uja anabwera atanyamula mbaula ya makala oyaka. Anati, “Bwana, tikaika iyi pafupi imayambanso.” Thupi langa lonse linachita tsembwe. Ndinamubweza ali pakhomo, ndinatseka silinda, ndipo titakhala pansi ndinamufunsa mofatsa. Anali atachita zimenezi kwa masabata awiri. Sindinamukalipire, chifukwa iye anazindikira choona chimene ine mmisiri ndinachiphonya, chakuti silinda ikuzizidwa. Koma kachipindako kanalibe mpata wa mpweya pansi, gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akadontha amakhala pansi ngati madzi, ndipo paipi ya mphira ija inali itayamba kuchita ming'alu. Tsiku limenelo sindinalole kuti boyila iyakenso. Ndinaichotsa pa gasi, nkutseka paipi yake ndi chotsekera, ndipo agogo anasamba madzi a pa moto kwa masiku asanu ndi anayi.

Kukambirana ndi mwana wawo kunali kovutirapo, poti zimene ndinapempha zinali zodula kuposa electrode. Ndinapempha masilinda awiri a 48 kg olumikizidwa kuti azipereka gasi limodzi, regyuleta ya 37 mbar yotha kupereka 4 kg pa ola, paipi ya kopa ya 22 mm kuchoka pa regyuleta kufika pafupi ndi boyila, ndi khola la zitsulo panja, pamthunzi, kutali ndi ngalande ndi mawindo. Sitovu ndinaisiyira silinda yake ya 19 kg ndi regyuleta yakeyake, popeza inapangidwira 28 mbar. Iye anafunsa ngati sitingangosintha regyuleta yokha. Ndinamufotokozera kuti regyuleta yaikulu pa silinda yaing'ono ili ngati mpope waukulu pa chitsime chosaya: imangofulumizitsa kuphwa. Anavomera. Masilindawo tinagula kwa wogulitsa wa ku Lilongwe wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi.

Titamaliza kuika ndinayeza ngati pali podontha, poyamba ndi manomita mavalavu onse ali otseka, kenaka ndi thovu la sopo pa mfundo iliyonse. Presha makina akukoka ndi mphamvu zonse inakhazikika pa 35 mbar, ndipo m'mawa wotsatira sinatsike. Ndinatsitsanso mphamvu ya mbali yotenthetsa nyumba kufika pa 10 kW, chifukwa ma radiator anayi safuna yoposa pamenepo, ndipo boyila inasiya kuyaka nkuzima pafupipafupi.

Posintha presha ya gasi, kayakidwe ka moto kamayenera kuyezedwanso. Makina oyezera utsi ndilibe anga, ndinachita kubwereka kwa mnzanga wa ku Lilongwe. Boyila za mtundu uwu zimafuna mpweya wa CO2 (carbon dioxide) wa mu utsi akhale cha pa 9 peresenti pa gasi wa m'mapaipi ndi cha pa 10 pa propane, ndipo nambala yeniyeni imakhala m'buku la makinawo. Ndinapeza kuti amene anaika uja anatsegula kwambiri sikuluwu ya gasi, mwina pofuna kuti moto ugwire pa presha yochepa ija, ndiye presha itakwera gasi anachuluka kuposa mpweya. Ndinabweza pang'onopang'ono mpaka CO2 anafika pamene buku likufuna, ndipo CO, ndiye kuti carbon monoxide, pomuyerekeza ndi CO2 anatsika pansi pa 0.004, malire amene amisiri a ku UK amatsatira. Sikuluwu imeneyi musamaigwire ndi diso lokha. Lawi likhoza kuoneka labuluu bwinobwino uku likutulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, zimene kwathu kuno aliyense angati ndi malungo. Ndinaika alamu ya CO m'khonde la pakati pa khitchini ndi chipinda cha agogo.

F.29 inatha. Ndinauza banjalo kuti nkhani yatha, ndipo apanso ndinafulumira pakamwa.

F.28 ya madzulo

Patapita masiku atatu, F.28 inabwera cha m'ma 6 koloko madzulo. Mawa lake kunalibe. Tsiku linalo inabweranso. Gasi analipo wokwanira, electrode inali yatsopano, chumuni inali yoyera. Mwana wa ku Leeds anati wafunsa mmisiri wa kumeneko ndipo wamuuza kuti chatsala ndi bodi. Kunena zoona, nanenso maganizo anga anali atafika pomwepo. Ndinamuuza kuti ayambe kufunsa mtengo, koma asagule mpaka nditaiona ikukana ndi maso anga.

Ndinafika madzulo ena, ndipo boyila inayaka bwinobwino. Ndinakhala pa khonde ndi kope lija m'manja, ndikuyang'ana masiku amene F.28 inalembedwa, osaona chowalumikiza. Mayi ogwira ntchito aja anabwera ndi tiyi, nkuima pang'ono, kenaka anati, “Amisiri, kaya ndi zothandiza kaya, koma ine ndimaona kuti jenereta ikamalira, iyi sigwira. Lero magetsi alipo, n'chifukwa chake yakuyakirani.”

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere kale. Anati, “Munati ndizilemba nthawi ndi nambala. Za jenereta simunafunse.” Anali kunena zoona.

Tinathimitsa magetsi pa switchi yaikulu nkuliza jenereta. Ndinatsegula mpope ndikuyang'ana pa kagalasi koonera moto. Fani inayenda, sipaki inalira, lawi linagwira bwino lomwe, labuluu, lokhazikika. Patatha masekondi ochepa valavu inatseka. Makina anayesanso, lawi linagwiranso, nkuzimanso. Atayesa kangapo, F.28. Moto unalipo, koma bodi sinkauona.

Mmene bodi imaonera moto ndi nkhani imene amisiri a mapaipi ambiri sitinaphunzitsidwe. Electrode ija simva kutentha. Bodi imaika magetsi a AC pa electrode, ndipo lawi la gasi limatha kudutsitsa magetsi pang'ono, koma limawadutsitsa mosavuta kulowera mbali imodzi kuposa inayo. Zotsatira zake ndi kamphamvu ka DC kochepetsetsa, ka ma microamp owerengeka, kamene kamachoka pa electrode, kudutsa m'lawi, kulowa mu chitsulo cha burner pamene lawi limayakira, nkubwerera ku bodi kudzera pa earth, waya wolumikizidwa kunthaka. Bodi zambiri zimadalira kuti neutral, waya wobwezera magetsi, ndi earth zikhale pamlingo umodzi kuti ziwerenge kamphamvu kameneka. Pa magetsi a mu layini zili choncho, chifukwa neutral imalumikizidwa kunthaka ku thiransifoma. Majenereta ang'onoang'ono ambiri sali choncho: neutral yawo imangoyandama, yosalumikizidwa ku chilichonse.

Mita inatsimikiza. Pa magetsi a mu layini, live (waya wobweretsa magetsi) ndi earth zinapereka 228 V, neutral ndi earth pafupifupi 2 V. Pa jenereta, live ndi neutral zinapereka 231 V monga ziyenera, koma live ndi earth zinapereka 117 V, ndipo neutral ndi earth 113 V. Mababu, furiji ndi TV sizisamala zimenezi, n'chifukwa chake panyumbapo panalibe amene anadandaulapo za jenereta.

Apa ndinaima, chifukwa mawaya a nyumba si gawo langa. Ndinaitana mnzanga wa zamagetsi wa ku Boma amene ali ndi chiphaso cha MERA. Chimene anachita poyamba ndikufuna anzanga muchisunge, chifukwa ine ndikanangolumikiza neutral ku earth nkuwononga katundu wa eni. Majenereta ena amaonetsa theka ndi theka chonchi osati chifukwa neutral ikuyandama, koma chifukwa pakati pa koyilo yake ndi pamene palumikizidwa ku fulemu. Pa jenereta yotere, kulumikiza neutral ku earth ndi kuchititsa shoti theka la koyilo. Iye analumikiza babu la waya m'kati pakati pa live ndi earth jenereta ikulira. Babu silinayake ndipo 117 V ija inagweratu, kusonyeza kuti inali mphamvu yongooneka pa mita. Atathimitsa jenereta anayezanso ndi mita pakati pa koyilo ndi fulemu ndipo panalibe kulumikizana. Apo ndi pamene anavomera kuti neutral ndi yoyandamadi.

Anasintha switchi yosinthira magetsi nkuika yodula live ndi neutral zonse ziwiri, analumikiza neutral ku earth kumbali ya jenereta yokha, anakhoma ndodo ya earth pafupi ndi jenereta, nkuika RCD ya 30 mA, switchi yodula yokha magetsi akayamba kuthawira kunthaka. Ali pa ntchitoyo anapezanso kuti waya wa earth wopita pa soketi ya boyila unali womasuka, wongogunda pa sikuluwu. Umenewu ukanatibweretsera F.28 ina m'tsogolo ngakhale pa magetsi a mu layini. Titaliza jenereta, neutral ndi earth zinaonetsa pansi pa 1 V, ndipo boyila inayaka nkukhalabe chiyakire. Tinayesa kakhumi, kusintha pakati pa jenereta ndi magetsi a mu layini, osakana ngakhale kamodzi.

Ndikayang'ana kope lija tsopano, zonse zinalimo kuyambira sabata yoyamba. Makhodi awiri osiyana, nthawi ziwiri zosiyana za tsiku. Ine ndinawaphatikiza chifukwa m'buku F.28 ndi F.29 zili moyandikana ndipo mndandanda wa zoyambitsa zake ndi wofanana. Ndikanaima pa kagalasi koonera moto tsiku loyamba F.28 ikuchitika, funso limodzi likanagawa nkhaniyi pakati: lawi likugwira kapena ayi? Likapanda kugwira n'komwe, yang'anani gasi, sipaki ndi mpweya. Likagwira nkuzima patatha masekondi ochepa ofanana ulendo uliwonse, yang'anani njira ya uthenga, kuyambira pa electrode, waya wake, earth, mpaka kumene magetsi akuchokera. Bodi ibwere pamapeto. Masiku ano ndikamapempha kope, ndimawonjezera mizere iwiri: magetsi anali a kuti, ndi china chilichonse chimene chinali choyaka m'nyumba nthawi imeneyo.

Ndisanachoke ndinalemba pepala nkulimata pa chitseko cha kabati ya boyila, m'Chichewa. F.22: yatsani pampu, dzazani madzi kufika 1.2 bar, ikabwerezanso mwezi womwewo imbani. F.28 kapena F.29: onani ngati masilinda ali otsegula ndiponso ali ndi gasi, dinani batani osapitirira katatu, ikakana isiyeni. Mukamva fungo la gasi tsekani masilinda, tsegulani zitseko, musagwire switchi iliyonse. Mnyamata uja ndinamuonetsa yekha pamene pali valavu yotsekera, ndipo makiyi a khola tinaika pa msomali wa kukhitchini.

Zimene zinatsatira

Masiku otsala a Julayi anadutsa popanda khodi. Chakumapeto kwa Ogasiti F.28 inatuluka m'mawa wina, ndipo mayi aja anaimba ali ndi yankho kale: masilinda onse awiri anali atatha. Atabweretsa ena, makina anakana kawiri chifukwa cha mpweya umene unalowa m'paipi posintha, kachitatu anayaka. Gasi anatha msanga kuposa mmene banjalo linkayembekezera, ndipo anagwirizana zotseka ma radiator awiri nkusiya la kuchipinda kwa agogo ndi la pabalaza. Za masilinda ena awiri osungira, amene ndinawalangiza kuti gasi asamawathere mwadzidzidzi, anati adikire agulitse soya wa chaka chamawa.

Chimene sichinathe ndi madzi. Nyumbayo imamwa madzi a pa mjigo, ndipo ketulo yawo ili ndi miyala yoyera m'kati. Miyala yomweyo ikumera mu plate heat exchanger ya boyila, mbali yotenthetsera madzi osamba, imene mipata yake ndi yopapatiza kwambiri. Mu Okutobala ndinaona kuti madzi a kubafa ayamba kusinthasintha, kutentha nkuzizira, ngakhale khodi sinatuluke. Ndinaichotsa nkuitsuka ndi asidi wa citric, ndipo tinagwirizana kuti ndizibwera Meyi aliyense chisanu chisanayambe.

Ndalama ya electrode ija ndinabweza, ndipo yakaleyo nditaiyeza bwino kunyumba ndinapeza kuti kamng'alu kaja kanali ka pamwamba chabe. Bodi nayo inabwerabe. Mwana wa agogo anali ataigula kale tsiku lomwe ndinamuuza kuti adikire, ndipo anabwera nayo m'chikwama pa Khirisimasi. Ili m'bokosi lake pamwamba pa kabati ya kuchipinda kwa agogo, yokulungidwa m'chitenje kuti isalowe fumbi.